Mmene tinamupezera Kaduka mnzake

Bobo anafa mu Januwale 2023. Wina anasiya geti losatseka bwino popita kukataya zinyalala, galu n'kutuluka, minibasi n'kumugunda pamsewu wodutsa kuseri kwathu ku Area 25. Mpaka lero pakhomo pano palibe anavomera kuti ndiye anasiya getilo, ndipo ndinaleka kufunsa.

Anatsala ndi Kaduka, mlongo wake wa bere limodzi. Ndi galu wachikuda, wofiirira, wa makutu oima ndi mchira wopindikira m'mwamba, ndipo nthawi imeneyo anali ndi zaka 6. Dzinalo anamupatsa ndi apongozi anga tikukamutenga kumudzi, koma ankanena munthu wina wake wa pamudzipo, osati galuyo. Mukudziwa mmene amayi athu amatchulira agalu akafuna kuti mawu afike kwa mnansi popanda kukangana naye.

Bobo atapita, Kaduka anasintha. Nsima ankangoinunkhiza n'kuisiyira nkhuku. Masana ankagona pageti penipeni, mphuno ataisuzumiritsa pansi pa chitsulo. Usiku ndiye kunali ntchito: sankauwa ayi, ankalira kulira kwakutali kuja kotukula mutu kumwamba, mpaka mayi a kuseri anabwera m'mawa wina atafunda chitenje kudzandiuza kuti, "Anzanga, galu wanuyu akutiitanira malodza." Kenaka anayamba kukumba m'tsinde mwa mpanda. Patatha mwezi tinagwirizana kuti timupezere mnzake.

Apa m'pamene tinayambira kusokera, ndipo ndikulemba izi chifukwa cha kusokera kumeneku. Tinati tikufunira Kaduka mnzake, koma titakhala pansi kuti tisankhe mtundu, aliyense anatchula galu wa kumtima kwake. Bambo akunyumba ankafuna Boerboel. Mnzawo wina wa kuntchito ku Kanengo ankawatumizira zithunzi pa WhatsApp, chigalu cha mutu ngati mtondo. "Amayi, taonani. Ameneyu akangoima pageti, wakuba abwerera yekha." Ine ndinkafuna Jack Russell chifukwa makoswe anali atatha matumba a chimanga m'sitolo. Ana ankafuna kagalu koyera kaubweya kaja amakanyamula m'manja. Kaduka anali gone pakhonde, akutimvera, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuyang'ana.

Za Boerboel anazithetsa ndi alamu anga, achimwene awo a bambo, amene anakhalako ku Johannesburg zaka zingapo akusamala maluwa panyumba ina yomwe inali ndi agalu awiri a mtundu umenewu. Ndi agalu a ku South Africa komweko, a m'mafamu a Mabunu. Alamuwo anangoseka. "Achimwene, wamphongo wake akakula amapitirira makilogalamu 60. Kaduka wanuyu akafika 18 ndi mwayi. Ngakhale asalusirane, kungosewera chabe, tsiku lina adzamutsamira n'kumuthyola msana. Nanga chakudya? Mukufuna kulera mwana wina wa sekondale?" Anawonjezera kuti galu ameneyu amafuna mwini wake womuphunzitsa tsiku ndi tsiku akadali wamng'ono, pamene bambo amachoka 6 koloko m'mawa n'kubwera kutada. Bambo sanayankhe, koma zithunzi sanafufute.

Wanga uja anagwa chifukwa cha nkhuku. Tili ndi nkhuku zachikuda zoyenda pabwalo, ndi mphaka mmodzi wokalamba. Jack Russell anachokera ku England, kumene m'zaka za m'ma 1800 ankamuweta kuti azilowa kuuna n'kutulutsa nkhandwe. Kanthu kakang'ono kakangothamanga, iye mtima uli pomwepo. Makoswe akanatha ndithu, koma kwa iye kamwanapiye ndi khoswe n'chimodzimodzi. Komanso ndi galu wosatopa, wodumphadumpha tsiku lonse, pamene Kaduka anali atayamba kukonda mthunzi. Za kagalu ka ana sitinachedwe nazo: ka m'nyumba sikakanamuthandiza galu wogona panja.

Tinakumana pakati, tinati German Shepherd. Aliyense amamudziwa, ndi wa apolisi, ndi wanzeru. Bambo anapeza wogulitsa pa Facebook. Munthuyo sanafune kuti tipite kwawo, akuti kunali kutali ndipo msewu unali woipa ndi mvula, choncho tinakumana naye pamalo ena omwetsera mafuta. Kagaluko kanali m'katoni ya sopo, kakuda pamsana, miyendo yofiirira, makutu ogwa, kokongola zedi. Anati kali ndi masabata 8 ndipo kanabayidwa kale. Anatipatsa ndi kakhadi kolembedwa ndi bolopeni. Ndalama zimene tinapereka zikanalipira fizi ya teremu yonse ya mzime wathu. Mayi wake wa kagaluko sitinamuone, abale ake sitinawaone, ndipo ine sindinafunse n'komwe ngati kanali kamphongo kapena kakakazi mpaka tili m'galimoto. Kanali kakakazi.

Chikomekome cha mkuyu. Tsiku lachitatu kanakana phala. Madzulo kanayamba kusanza thovu. Pofika m'mawa kanali katatsegula m'mimba, zamadzimadzi zosakanikirana ndi magazi, fungo lake loti ukalimva kamodzi sudzaliiwala. Kanagona pakona ya khitchini, maso olowa, ndipo ndikatsina chikopa cha pakhosi chinkangoima osabwerera. Tinathamangira kwa dokotala wa ziweto. Sanachedwe kunena kuti ndi parvo, matenda opatsirana a m'mimba amene amapha tiana ta agalu. Atakakanula kukamwa n'kuona mano anapukusa mutu: kameneka sikanakwane masabata 8, mwina 5 kapena 6, kanachotsedwa kubere msanga. Khadi lija analitembenuza uku ndi uku n'kundibwezera. "Amayi, katemera weniweni amamata kapepala kochokera pabotolo la mankhwala, pamakhala tsiku, siginecha ndi chidindo. Ichi aliyense atha kulemba." Kanakhala pa diripi masiku awiri, lachitatu kanafa. Foni ya wogulitsa uja inali itasiya kupezeka.

Ana analira kuposa mmene analirira Bobo, poti aka anakagoneka okha pa kansanza ndi kukapatsa dzina.

Popita kukalipira ndinakhala ndi dokotalayo nthawi yaitali, ndipo zimene anandiuza tsiku limenelo ndikanazimva mwezi umodzi m'mbuyomo tikanapulumutsa ndalama ndi misozi. Choyamba chinandichititsa manyazi. Ine ndinkati galu akabayidwa wabayidwa, basi. Katemera amene ndinkamudziwa ndi wa chiwewe, uja amalengeza kuti tipite nawo agalu pabwalo la sukulu, makamaka chakumapeto kwa Seputembala, poti pa 28 mwezi umenewo ndi tsiku lokumbukira matenda a chiwewe padziko lonse. Katemera ameneyo ndi wofunika, amateteza ndi ana athu omwe, koma parvo sakumukhudza n'komwe. Wa parvo ndi wina. Kamwana ka galu kamayamba kulandira kali ndi masabata 6 mpaka 8, kenaka amabwereza pakapita masabata atatu kapena anayi mpaka kafike masabata 16. Wa chiwewe amabwera kakakwanitsa miyezi itatu. Asanamalize ndondomeko imeneyi, kagalu sikoyenera kuponda paliponse.

Chachiwiri chinali chowawa kumva. Kachilombo ka parvo sikafa msanga. Kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka pamalo a mthunzi. Pasimenti mutha kutsuka ndi JIK, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, koma bwalo la dothi simungalichape. Ndiye kuti tikanathamangira kugula kena kakang'ono kuti ana atonthole, tikanakakumbira dzenje lachiwiri. Kaduka sanadwale chifukwa matendawa amakonda tiana, komabe tsiku lomwelo tinamubayitsa katemera amene anali asanalandirepo chibadwire.

Ndikunyamuka anandiimitsa. "Komatu ngakhale kakanachira, munali mutaputa nkhani ina. Kunyumba muli ndi wamkazi, mwakatenganso wamkazi." Ndinati nanga si ndiye bwino. Anaseka. Akuti poyamba zimayenda, wamkulu amakalekerera kamwana. Nkhondo imadzayamba kamwanako kakakula, chaka chimodzi kapena ziwiri, makamaka kakamuposa msinkhu mwini bwalo. Amphongo awiri amachita phokoso, kugubuduzana, mawa aiwala. Aakazi awiri akadana nthawi zambiri sakhululukirana, ndipo amalumana zofuna kuphana. Sizichitika pakhomo paliponse, alipo amene amakhala mwamtendere moyo wonse, koma wofuna mtendere wosavuta aphatikize wamphongo ndi wamkazi. Ine ndinkadziwa za atambala awiri m'khola limodzi, sindinkadziwa kuti kwa agalu mwambiwo umalemera kwambiri mbali ya misoti.

Anandiuzanso kuti German Shepherd, Rottweiler ndi Doberman ndi ena mwa agalu amene parvo amawagwetsa kwambiri, ndipo German Shepherd amavutikanso kuposa anzake ndi matenda a nkhupakupa, aja galu amafooka, nkhama n'kuyera, nthawi zina n'kutuluka magazi m'mphuno. Sanati tisamuwete. Anangoti pabwalo la dothi ndi udzu ngati lathu, galu wa ubweya wambiri chonchija amafuna munthu womufufuza nkhupakupa mosalekeza, ndipo kutentha kwa Okutobala ku Lilongwe kumamuzunza.

Tinadikira kuyambira Malichi mpaka Ogasiti. M'miyezi imeneyo ndinachita chimene ndikanayambira: ndinayamba kumuonetsetsa Kaduka. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo zonse zimene ndinkafuna kudziwa ankazionetsa tsiku lililonse. Galu wamphongo wa aneba akadutsa kunja kwa geti, iye ankaimirira, mchira pukupuku, kununkhizana naye pampata wa chitsulo. Akadutsa wamkazi wa kumtunda kuja, ubweya wa pamsana unkaimirira kuyambira pakhosi mpaka kumchira. Mbale yake sankafuna kuti chinthu chiyandikire akudya, ngakhale mphaka amene anakula naye. Mwana akamulumphira ali gone ankanyamuka n'kukagona pansi pa galimoto. Masana ndi waulesi, usiku amazungulira mpanda mpaka mbandakucha. Nkhuku sanagwirepo.

Kuchokera pamenepo funso la mtundu linachepa mphamvu lokha. Tinkafuna wamphongo. Asakhale kakhanda, chifukwa cha dothi lathu lija komanso chifukwa Kaduka analibe mtima wolera. Asamupose kwambiri thupi. Akhale wa ubweya waufupi, wofatsa kwa agalu anzake, wozolowera nkhuku. Dzina la mtundu likabwera pambuyo pa zonsezi, libwere. Ndinaganiza zopita ku LSPCA, bungwe losamalira nyama kuno ku Lilongwe, kumene amasunga agalu odikira makomo atsopano. Ubwino wa galu wokulirapo ndi woti khalidwe lake mumaliona ndi maso, simuchita kulota ngati mmene mumachitira ndi kamwana ka m'katoni. Tisanapite, alamu aja anaimba foni. Banja lina ku Likuni linkasamukira m'nyumba ya lendi kumene eninyumba sankalola agalu, ndipo linkafuna munthu woti atenge galu wawo wa miyezi 10.

Dzina lake Tiger, monga theka la agalu a m'Malawi muno. Ulendo uno tinapita pakhomo penipeni. Tinamuona mayi wake, wachikuda, wofatsa, amene anali kupita kumudzi kwa agogo a panyumbapo. Tinaona khadi lokhala ndi timapepala tomata ndi chidindo. Tiger anali wamtali pang'ono kuposa Kaduka, wofiira ngati dothi la katondo, ndipo pamsana pake panali mzere wa ubweya womera chobwerera kumutu. Bambo wake anali ndi magazi a Rhodesian Ridgeback. Mtundu umenewu ndi wa konkuno kum'mwera kwa Africa. Malamulo a maonekedwe ake analembedwa ku Bulawayo mu 1922, ndipo alenje ankaugwiritsa ntchito kutsekereza mkango mpaka mwini mfuti afike. Bambo akunyumba atamva za mkango nkhope inawala koyamba chichokereni nkhani ya Boerboel. Ine chimene chinandikopa n'china. Mwana wa panyumbapo anamulanda chitsononkho kukamwa, iye n'kungomuyang'ana. Ndipo mayi wake atamukalipira, anagwetsa makutu n'kupatuka.

Sitinamutenge tsiku lomwelo. Dokotala anali atatichenjeza kuti tisakamutsitsire pabwalo la Kaduka ngati katundu, chifukwa kwa galu zimenezo ndi kulowereredwa. Loweruka lotsatira eni ake anabwera naye, ndipo tinakumana pabwalo la mpira lapafupi ndi kwathu, chakumadzulo ana ataweruka. Bambo anagwira chingwe cha Tiger, ine cha Kaduka. Sitinawayang'anitse maso ndi maso. Tinangoyamba kuyenda mbali imodzi, pakati pathu pali mpata ngati kuchoka pagolo kufika pa penate, uku tikuyandikirana pang'onopang'ono. Anyamata ena okhala pa njerwa ankatiseka, akuti agalu akuchita chinkhoswe. Titazungulira kawiri tinalekerera zingwe kuti zikhwepe. Tiger anapita kukanunkhiza kumbuyo. Kaduka anauma thupi lonse, mlomo n'kukwera, mano poyera, kulira kwa cham'mero. Mtima wanga unagunda. Tiger anatembenuza mutu kumbali, n'kunyambita mphuno, n'kubwerera phazi limodzi. Basi. Kaduka anadzikutumula ngati wachoka m'madzi, n'kupita yekha kukamununkhiza mnzakeyo. Nkhani ya ukulu inathera pomwepo, popanda dontho la magazi.

Tinabwereza Lachitatu. Loweruka linalo tinayenda nawo limodzi kuchoka pabwalo paja mpaka kunyumba, ndipo pageti anayamba kulowa ndi Kaduka. Tisanachoke ndinali nditatola mafupa onse akale pabwalo. Mbale ndinaziika motalikirana, ya Kaduka pakhonde pamene amadyera masiku onse, ya Tiger kuseri kwa khitchini, osaonana. Kudya amayamba Kaduka, kupatsidwa moni amayamba Kaduka. Ana ndinawauza kuti mlendo asawatengere mtima mpaka kuiwala mwini mudzi. Masabata awiri oyamba Tiger ankagona m'khola lotseka, ndipo tikachoka tonse pakhomo sitinkawasiya pamodzi.

Tsiku lachisanu ndi chinayi analumana, ndipo cholakwa chinali cha ife anthu. Tinaphika mbuzi, mwana wathu wachisamba n'kuponya fupa limodzi pakati pa agalu awiri. Sindinaone amene anayamba. Ndinangomva chiphokoso, fumbi koboo, nkhuku zili balala. Mnyamatayo ankati awalowe pakati ndi manja, ndinamukuwira kuti asayerekeze, chifukwa galu ali pa ndewu sadziwa dzanja la mbuye wake. Ndinatenga ndowa ya madzi ochapira n'kuwakhuthulira. Anasiyana. Khutu la Tiger linang'ambika kunsonga, chipsera chilipo mpaka pano. Kuyambira tsiku limenelo fupa limaperekedwa wina ali kutsogolo wina kuseri, kapena osaperekedwa n'komwe. Ndewu sinabwerezeke.

Patatha mwezi tinakamufula Tiger. Bambo anakana kaye, akuti galu wofula sauwa, amangonenepa ngati nkhumba. Funsani mayi a kuseri aja ngati sauwa. Kaduka anali atatsekedwa kale kubereka zaka zapitazo. Amene wanu wamkazi sanatsekedwe, muganize kawiri musanabweretse wamphongo: nyengo yake imabwera pafupifupi kawiri pachaka, bere ndi miyezi iwiri yokha, ndipo mudzapezeka mukuyenda ndi katoni kufunafuna wotenga tiana, ngati munthu uja wa pomwetsera mafuta.

Za m'thumba ndisabise. Ndinkaganiza kuti mphika ungowonjezeka pang'ono. Ayi ndithu. Tiger yekha amadya kuposa mmene ankadyera Bobo ndi Kaduka ataphatikizana, poti akukula ndipo ndi wothamanga. Madeya kuchigayo ndimatenga kawiri kuposa kale, bonya wa pamsika wa Nsungwi ndi zotsala za kubutchala chimodzimodzi. Mankhwala a njoka zam'mimba miyezi itatu iliyonse, onse awiri. A nkhupakupa ndi utitiri tsiku limodzi onse awiri, chifukwa mukasambitsa mmodzi mwangosamutsira tizilombo kwa mnzake. Dzinja lake loyamba pakhomo pano Tiger anatuluka timatuza pamimba, m'kati muli mphutsi, chifukwa chokonda kugona padothi lonyowa kuseri kwa bafa. Tinazifinya imodziimodzi n'kumupangira pogona pa thabwa. Ndikaganiza kuti zonsezi zikanakhala za chigalu cha makilogalamu 60, ndimawathokoza alamu anga chamumtima.

Pali chimodzi chimene sindinafunse bwino ku Likuni. Ndinafunsa kuti, "Nkhuku amazidziwa?" Anati eya, wakula nazo. Zoona, koma zawo zinali za m'khola la waya, sanaonepo nkhuku ikuthamanga pabwalo. Mu Disembala anagwira tambala wanga wamkulu, amene ndinkasungira Khirisimasi. Sanamudye, anangomupukusa kawiri n'kumusiya, n'kubwera kwa ine mchira ukugwedera ngati wachita zotamandika. Magazi a alenje aja. Anthu anandilangiza kuti ndimumangirire nkhuku yakufayo m'khosi masiku atatu, ena akuti ndimukwapule nayo. Sindinachite, sindikhulupirira kuti galu amamva mlandu mwa njira imeneyo. Tinagula waya n'kudula bwalo pakati. Nkhuku zimatuluka kudzayenda mbali yathu pokhapokha Tiger ali pa tcheni, ndipo mpaka lero zikadutsa pafupi maso ake amazitsata mosaphethira. Mphaka yekha ndiye anadzikonzera nkhani yake sabata yoyamba, ndi chikhadabo chimodzi pamphuno.

Kulira kwa usiku kuja sindikudziwa tsiku lenileni limene kunatha. Ndinangozindikira m'sabata yachitatu kapena yachinayi chibwerereni Tiger kuti ndagona mpaka m'mawa. Dzenje la m'tsinde mwa mpanda tinalikwirira ndipo silinakumbidwenso. Sindinganene kuti Kaduka amamukonda Tiger ngati mmene ankakondera Bobo. Sasewera naye kawirikawiri, ndipo mnyamatayo akanyanya kumuzungulira amamuonetsa dzino limodzi, iye n'kukasewera ndi chigubu. Koma m'kuzizira kwa Juni ndikatsegula chitseko 5 koloko kuti ndikoleze mbaula, ndimawapeza pa chiguduli chimodzi pakhonde, misana itagundana, wina kuyang'ana kugeti wina kukhola la nkhuku.

Mayi a kuseri anabweranso mwezi watha, chitenje chomwe chija. Tsopano akuti agalu athu akuwasokoneza tulo ndi kuuwa. Bambo anawapepesa bwinobwino, kenaka anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha Boerboel uja. "Mayi, muziyamika. Tikanatenga uyu."